Kagalasi ka m'nkhokwe ya alamu anga

Ntchito yanga ndi njinga zakale. Ndimazigula zitatopa, n'kuzigulitsa zikuoneka ngati zangotuluka m'pepala, ndipo zimene zimachitika pakati pa masiku awiriwo timadziwa ndi ine ndi chitini cha penti wakuda. Pamsika wa Kapata, ku Chipata kuno, amandidziwa ngati munthu amene sanavomerepo mtengo woyamba, ngakhale wa mandasi. Malamulo anga ndi atatu basi. Ukamagulitsa, chemerera. Ukamagula, nyoza. Zikavuta, tembenuka uyende mapazi asanu osacheuka, akuitana ndithu. Mdani wanga moyo wonse wakhala mmodzi, dzimbiri. Ndalipala, ndalikwecha, ndalibisa, ndalikanapo pamaso pa anthu ilo likuoneka.

Ndiye ganizani mmene ndinamvera tsiku limene mwana wa mlongo wanga wamng'ono anandiuza zimene wakhala akuphunzira kuyunivesite zaka zonsezi. Mtsikana ameneyu banja lonse tinamuperekeza pabasi ya ku Lusaka ndi nkhuku yootcha, tikuuzana kuti tapeza dokotala. Anabwera mwezi wa Meyi, anthu atangokolola, nakhala pa tayala lakale m'shedi yanga, kabokosi kali pamiyendo.

"Amalume," anatero, "chitsulo chikakumana ndi mpweya chimabala china chake. Cha njinga zanuzi chimabala dzimbiri. Malata akakalamba mumaona kafumbi koyera pamwamba? Ameneyo ndi zinki wakumana ndi mpweya. Mtundu wonsewo timautcha ma okosayidi. Ine ndimaphunzira amenewo."

"Ndiye kuti nkhuku ija inafera achibale a dzimbiri?"

Anaseka, natenga foni yanga. Anati pagalasi lake pali kansalu ka okosayidi, kopyapyala kuposa tsitsi, koti maso sangakaone, ndipo magetsi amayenda m'menemo. Ndikakhudza ndi chala, kamene kamamva ndi komweko. Ndinayang'ana foni ija ngati mnzanga amene wakhala akudya ndi adani anga.

Kenako anatsegula kabokosi. Munali tigalasi tisanu ndi kamodzi, kalikonse kukula ngati bokosi la machesi, kali m'kakhola kake ka pulasitiki kobowolabowola, kokhala ndi chingwe. Ukakapendeka padzuwa kankaonetsa kautoto kobiriwira ngati khosi la njiwa. Kautoto kameneko ndiye kanali ntchito yake ya zaka zinayi. Mpweya ukachita chinyezi, magetsi amayenda mosiyana m'kautotomo. Maloto ake anali oti tsiku lina padzakhale kachipangizo kotchipa kopachika m'nkhokwe, kouza mlimi kuti mtedza wayamba kunyowa chuku chisanagwire.

Vuto linali lakuti zonsezi zinkayenda bwino m'chipinda chawo chofufuzira, mmene anthu amavala magolovesi ndipo fumbi amaliletsa pakhomo ngati woledzera. Aphunzitsi ake anamufunsa funso limene ine ndikanafunsa: nanga m'nkhokwe yeniyeni, mwa fumbi, anankafumbwe ndi dzuwa la Okutobala, kautoto kako kakhala moyo? Anamupatsa mpaka Febuluwale. Akapanda kubwerera ndi kagalasi ngakhale kamodzi kamene kagona m'nkhokwe nyengo yonse popanda wokakhudza, kafukufuku atsekera pomwepo, maphunziro osatha. Ndipo kupanga tina sikukanatheka, chifukwa makina opangira amalimbirana anthu ambiri, mpata wake unali utatha.

"Lamulo ndi limodzi, amalume. Kapachikidwe m'nkhokwe, pansi pa denga, n'kukasiya. Osakakhudza. Chala chili ndi mafuta."

"Nanga bwanji wasankha ine?"

"Inu mukalankhula ngakhale galu amasiya fupa."

Mawu ngati amenewo ndi amene ine ndimauza anthu ndikafuna kuwagulitsa njinga yopanda mabuleki. Ndinawazindikira, koma ndinawameza. M'mawa mwake iye anakwera basi, ine ndinamanga kabokosi pa kaliyala n'kuloza kwathu ku Chiparamba.

Panjira ndi pamene mutu unayamba kundizungulira. Kodi pamenepa ndikugulitsa kapena ndikugula? Palibe wolipira, palibe wolandira. Malonda opanda mtengo ali ngati njinga yoduka tcheni: miyendo ikuzungulira, mitengo ya m'mbali mwa msewu yangoima. Ndinaganiza kuti popeza katundu ali m'manja mwanga, ndine wogulitsa. Wogulitsa amachemerera.

Ndinayambira kwa mayi wina wamasiye amene nkhokwe yake imadzaza chaka chilichonse. "Amayi," ndinatero, "kanthu aka si kamasewera. Amene anakapanga amaphimba ndi pakamwa pomwe kuti asakapumire. M'dera lonse lino nyumba zosankhidwa ndi zisanu ndi imodzi, yanu ndi yoyamba." Anagwada. Ndinakwera ndekha, n'kukapachika bwinobwino.

Kwa akatekisiti ndinawonjezera pang'ono: ndinati ophunzira a kunja akudikirira kumva za nkhokwe yawo. Kwa bambo wina wolima thonje ndiye pakamwa panali patatentha. Ndinati kagalasi aka kamamva chilichonse, chinyezi, mpweya, ngakhale mbewa ikausa moyo kamadziwa. Bamboyo anayang'ana mkazi wake, mkazi anayang'ana pansi. Ine ndinkati ndi ulemu.

Madzulo ndinamuimbira mtsikana uja kumuuza mmene ndagwirira ntchito. 

"Amalume, mwawaopseza. Musamakakweze choncho. Ine ndikufuna akaiwale kuti kaliko."

Kuiwalitsa munthu chinthu n'kosavuta, umangochinyoza. Ndiye tsiku lachiwiri ndinadzuka ndili wogula. Kwa mnzanga wina amene tinkaweta naye mbuzi tili ana ndinati, "Achimwene, ndi kagalasi chabe aka, ka ana a sukulu, kopanda ntchito. Ndingokasiya m'nkhokwemu chifukwa kutauni kulibe malo." Iye anati kasiyeni m'menemo. Kwa msuweni wanga wamkazi ndinanena zomwezo, n'kuwonjezera kuti ngakhale wakuba sangakatole. Iye anati ndiye n'kofanana ndi mwini wake.

Kanatsala kamodzi, ndipo nkhokwe yabwino yotsala inali imodzi: ya mlongo wanga wamkulu. Apa ndiyenera kunena za amuna awo, alamu anga.

Alamu ndi mkamwini wochokera cha ku Tamanda, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga nyemba. Kalekale, ana awo akadali aang'ono, ndinawagulitsa njinga. Inali njinga yabwino, kungoti pansi, pamene mapaipi amakumana pafupi ndi mapedulo, dzimbiri linali litaboola. Ndinatseka bowolo ndi sopo wochapira, uja wobiriwira wodula ndi mpeni, n'kupaka penti kawiri. Mvula yoyamba inawapeza panjira akupita kumaliro kwawo, alongo anga ali pa kaliyala. Njinga inayamba kuchita thovu. Anthu amene anaona amati thovulo linkatsalira m'mbuyo ngati mzere wa ufa. Atafika potsetsereka, njinga inagawika. Alamu anapitirira ndi handulo ndi tayala lakutsogolo, alongo anatsala ndi lakumbuyo. Palibe anavulala, koma kumaliro anafika wapansi, oyera miyendo ngati achapidwa, matope mpaka m'makutu.

Atandifunsa ndinayankha kuti njinga inachoka kwa ine ili bwino, mwina anadutsa pamene amayi amachapira. Kuyambira tsiku limenelo alamu sanandipatsenso dzanja. Tikakumana amandipatsa moni wonse, wa ana, wa kunyumba, wa ntchito, manja ali kumbuyo.

Alongo anavomera msanga, popeza ndi za mwana wa mng'ono wawo. Alamu anali pampando akusenda nzimbe.

"Nkhokwe ndi yanu, amayi," anatero kwa akazi awo. "Mkamwini sakula mwendo. Koma chochokera m'manja mwa alongo anuwa, pakhomo pano palibe wochikhudza. Chingachite thovu."

Nditapachika, iwo anakwera ndi khala, najambula mzere kuzungulira mbali yonse ya kagalasiko, n'kulamula kuti ngakhale mtedza wa mbali imeneyo usatapidwe. Ndinachoka ndikuseka chamumtima. Ndinkati pa nyumba zonse, iyi ndiye ndataya.

Miyezi inapita. Mtsikana akaimba kufunsa za tigalasi, ndinkayankha kuti tili bwino, tikupereka moni. Kumudzi sindinapiteko. Njinga ikagulitsidwa sulondola kukaona ngati ikuyenda. Amene amalondola ndi amene akufuna kubweza.

Mtsikana anabwera kumapeto kwa Januwale, mvula ili pakati, atanyamula kachipangizo koyezera kokhala ndi mawaya awiri, magolovesi, ndi kopanira kakang'ono ngati kozulira minga. Basi yobwerera inali ya m'mawa mwake. Tinali ndi tsiku limodzi.

Mayi wamasiye anatilandira ndi nkhope yonyada. Sanatitengere kunkhokwe, anatilowetsa m'nyumba. Anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, natulutsa chitenje chatsopano, m'chitenjemo mpango, mumpangomo kagalasi, kali pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana ake onse ndi timibulu tonunkhira tothamangitsa njenjete.

"Ndinakatsitsa tsiku lomwelo," anatero. "Chinthu chaulemu choncho chigone ndi makoswe? Ine si wopusa."

Kanali kokongola kuposa mmene kanabwerera. Mtsikana anathokoza ndi mawu ang'ono.

Akatekisiti anali atakasiya m'nkhokwe ndithu, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma anafotokoza kuti Loweruka lililonse ankakatsitsa, pokonzekera alendo a kunja aja. "Kanali ndi kalitsiro kena kobiriwira kokanirira," anatero. "Nsalu inalephera. Koma phulusa ndi mchenga wosefa, wa mapoto uja, pang'onopang'ono, ndinakachotsa konse. Taonani." Anakakweza padzuwa. Kanali mbee, galasi lenileni. Zaka zinayi za mwana wathu zinali zitapita ndi madzi otsukira.

Bambo wa thonje sanatipatse ndi mpando womwe. Anatikokera kuseri kwa khola n'kunong'ona. Kunena zoona, iye thonje lina ankagulitsa mozemba kwa ogula a panjinga m'malo mopereka lonse ku kampani imene inamukongoza mbewu, ndipo nkhani zimenezi ankakambira pafupi ndi nkhokwe. Kwa mwezi wathunthu banja lonse linkalankhula ndi manja. Atatopa, anakatenga ndi mbaniro ya moto n'kukaponya m'chimbudzi. "Kazikamvera za kumeneko," anatero.

Mnzanga wa mbuzi uja anafunsa kuti kagalasi kati. Atakumbuka anasangalala. "Aa, kaja munkati n'kopanda ntchito? Munanama, achimwene. Kamapala mipini bwino kuposa botolo losweka." Anatisonyeza makasu anayi osalala ngati mwendo wa khanda. Msuweni wanga yekha ndiye anali atakaiwala monga tinkafunira, koma anakaiwala atatsekera bowo la mbewa n'kumata dothi pamwamba.

Tinachoka pamenepo. Mtsikana ankangoyenda kutsogolo, kachikwama kali pachifuwa. Ine ndinaganiza zonena kuti nyengo ya chaka chino inali yovuta, koma ndinazisiya. Ndagulitsapo anthu zinthu zambiri zosayenda, koma onsewo ankabwera okha ndi maso awo. Uyu anali atandipatsa m'manja.

Kwa alongo tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mtsikana anaimika makwerero, nakwera, nalowetsa mutu pansi pa denga. Kenako tinamva kukuwa.

"Kalipo! Amayi aakulu, kalipo! Fumbi lake lonse, ndi kangaude wamanga pomwepo! Palibe wakakhudza!"

Anatsika misozi ili mbwembwembwe kuti atenge magolovesi. Ine mtima unagwa. Mwana wophunzira chonchi, osadziwa kuti katundu ukamufuna sukuwa? Alamu anali ataona zonse. Anaimirira mosafulumira, nagoneka makwerero pansi, nakhala pamenepo, n'kupinda miyendo.

"Atate aakulu," anatero mtsikana, "ndikufuna kukwera."

"Ukwera, mayi. Iwe ulibe mlandu. Koma kanthu ako kagona m'nkhokwe mwathu miyezi isanu ndi itatu, ndipo amene anakabweretsa ayenera kuwombola."

"Nenani mtengo, alamu," ndinatero, ndikumva magazi akubwerera m'thupi. Apa ndiye panali pamunda panga.

"Ndalama zanu zingachite thovu. Lamulungu, misa ikatha, nthawi ya zolengeza, muime kutsogolo munene kuti: m'njinga ya alamu anga ndinaikamo sopo, ndine wakuba."

Ndinaseka kuseka kwa pamsika, kuja kotsegula pakamwa pokha. "Alamu, pa kagalasi? Kafumbi kokhakokha, kangaude anakanyera. Tili nato tina tisanu."

"Za tinato ndamva kale. Kamodzi kali m'chimbudzi."

"Tsono Lamulungu mwanayu adzakhala atapita."

"Ndiye mukanabwera Lamulungu."

"Ndinong'oneze inu nokha, kukhutu. Pompano."

"Thovu silinanong'one. Linaonedwa kuyambira pa mlatho mpaka pa sitolo."

"Pamaso pa alongo ndi mwanayu. Anthu atatu. Ndiwonjezera ndi mbuzi iyo ikhale mboni."

"Amayiwa anali pa kaliyala, akudziwa kale. Mbuziyo inabadwa dzana."

Alongo anga anali pakhonde akusankha nyemba, osadzutsa mutu. Ndinawayang'ana kuti andithandize, pajatu magazi ndi amodzi. Iwo anangoti, "Chitenje changa cha tsiku lija chinali chatsopano."

Ndinaona kuti yakwana nthawi ya lamulo lachitatu. Ndinaimirira, ndinakung'untha thalauza, n'kunena mokweza kuti tiye mwana, tigalasi tili mbwee ku Lusaka. Ndinatembenuka. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachisanu munthu amaitana. Zaka zonse za pamsika sizinandinamizepo. Lachisanu ndi chimodzi. Lakhumi. Ndinadutsa khola, ndinadutsa mpanda, ndinafika pa mjigo, khosi litauma chifukwa chosacheuka. Amayi otunga madzi anandipatsa moni, ndinayankha ndikuyang'ana kutsogolo ngati msilikali. Nditafika pa munda wa chimanga ndinaima. Kutsogolo kunalibenso kopita, kupatula ku Chipata wapansi, chifukwa njinga yanga inali itatsala pabwalo pa alamu.

Ndinacheuka. Palibe amene anali kundiyang'ana. Mtsikana anali atakhala pansi m'fumbi, pafupi ndi makwerero, magolovesi atavala kale, manja ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu, akudikira. Ndi manja amenewo amene anandibweza.

Aliyense wa pamsika amadziwa kuti ukabwerera wekha, mtengo umakwera.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa alamu. Kenako analowa m'nyumba, natuluka atanyamula zidutswa ziwiri za njinga ija, zimene anazisunga kudenga zaka zonsezi. Mlandu suola, koma sindinkadziwa kuti umasungidwa ndi matayala omwe. "Mabowo anali awiri," anatero. "Lina lili apa, pansi pa chishalo, pamene mvula sinafike. Sindinalikhudze. Ndinasungira tsiku lanu. Tsopano kunena kokha sikukwanira. Muonetse ndi madzi."

Tinakambirana mpaka mithunzi inatalika, ndipo ndikufuna zidziwike kuti sindinagonje ngati nkhuku. Tchalitchi ndinachitsitsa mpaka pa mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi kamene kankakumana madzulo omwewo pansi pa mtengo wa mango. Kugwada ndinakutsitsa mpaka kukhala pa kampando kafupi. Mawu oti wakuba tinalimbana nawo kwambiri. Ine ndinapereka oti wolakwitsa, iwo anakana. Iwo anapereka oti wachinyengo, ine ndinagwira mutu ngati ndamva za maliro. Tinagwirizana pa oti wochenjera mopitirira. Kubwereza katatu ndinatsitsa mpaka kawiri. Ndinapempha mbasela yoti nyimbo iyambe ndikangomaliza, kuti pasakhale mafunso. Imeneyo anakana.

Pansi pa mango panali anthu ochuluka kuposa masiku onse, chifukwa amayi a pa mjigo anali atagwira ntchito yawo yofalitsa nkhani. Mayi wamasiye analipo, akatekisiti analipo, bambo wa thonje anakhala kumbuyo. Atatha mapemphero, alamu anaika beseni la madzi patsogolo panga, pambali pake chidutswa cha njinga. Ndinakhala pa kampando, mawondo ali m'makutu.

"Abale ndi alongo," ndinayamba, "masiku amenewo zitsulo zinali zovuta..."

"Zimenezo sitinagwirizane," anatero alamu.

Ndinanena. M'njinga ya alamu anga ndinaikamo sopo, ndine wochenjera mopitirira. Ndinabwereza. Kenako ndinapala penti ndi chikhadabo pansi pa chishalo, n'kumiza paipi m'beseni, n'kutikita ndi chala. Ndinkapemphera kuti sopoyo akhale atafa ndi ukalamba. Poyamba madzi anangoda. Kenako kathovu kamodzi, kawiri, mpaka beseni lonse linayera, fungo la tsiku lochapa n'kufalikira pansi pa mango.

Ndiye mayi wina wachikulire anasendera, naviika dzanja, nanunkhiza.

"Koma sopo wake ndi wabwino," anatero. "Zaka zonsezi! Wa masiku ano sabata imodzi wasungunuka. Munagula kuti, bambo?"

Anthu anaseka mpaka akatekisiti analephera kuyambitsa nyimbo. Alamu sanaseke. Anadikira phokoso lithe, nabwera pamene ndinali, natulutsa dzanja kumbuyo kuja n'kundipatsa. Langa linali la thovu. Analigwira choncho.

Tinabwerera kunyumba kusanade. Alamu anaimika okha makwerero, nawagwirira. Mtsikana anatsitsa kagalasi ndi kopanira kaja ngati akutulutsa chitsotso m'diso la mwana, nakhudzitsa mawaya awiri mbali imodzi, kenako mbali inayo, akulemba manambala m'kabuku. Ndinafunsa ngati kali moyo.

"Theka lafa," anatero, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Ndiye ukusekerera chiyani? Ine ndadzivula pamaso pa mudzi chifukwa cha chinthu chakufa?"

Anafotokoza kuti kagalasi kalikonse anakagawa pawiri. Theka lina analisiya pamtunda, linalo analiphimba ndi kansalu kena ka okosayidi wa mtundu wina, kopyapyala kwambiri, koteteza. La pamtunda ndi limene linawonongeka ndi fumbi ndi chinyezi. Lophimbidwa linali likumvabe. Chimene ankafuna kudziwa chinali chomwecho.

"Ohoo," ndinatero. "Ndiye kuti nawenso umaphimba. Ntchito ya m'banja."

"Eya, amalume. Kungoti ine ndimalemba zimene zili pansi."

Alamu anatsokomola. Ndikukhulupirira kuti kunali kuseka, koma alibe chizolowezi.

Aphunzitsi ake analandira kagalasiko. Anati kamodzi si umboni wokwanira, komabe n'kokwanira kuti kafukufuku asatsekedwe. Anamupatsa nyengo ina ndi mpata wina pa makina aja. Mwezi wa Meyi wotsatira kunabwera bokosi lalikulupo, la tigalasi khumi ndi tiwiri. Linafika pa basi, lolembedwa kuti lipite kwa alamu. Ine anangondipempha kulinyamula kuchokera pa siteshoni, osatsegula.

Ndinkafuna kuona kuti munthu wosadziwa malondayu atani nato. Sanachemerere, sananyoze. Anatenga njinga yawo yatsopano, imene sanagule kwa ine, n'kuyendera midzi yozungulira ndi funso limodzi: pakhomo pano alipo anagulapo njinga kwa alamu anga a ku Kapata? Akayankha kuti eya, nkhope n'kusintha, iwo ankapachika kagalasi m'nkhokwe n'kunena kuti, "Aka kachokera kwa iwowo."

Palibe kamene kanakhudzidwa. Tonse khumi ndi tiwiri tinabwerera ndi fumbi lake, ndipo mwana wathu anamaliza. Pa tsiku la chikondwerero chake anandithokoza pamaso pa anthu, kuti popanda amalume ntchitoyi sikanatheka, ndipo ine ndinaimirira n'kukweza chipewa, chifukwa zinali zoona. Chimene chimandiwawa pang'ono mpaka lero n'chakuti alamu sanavutike n'komwe kupeza nyumba khumi ndi ziwirizo. Anazipeza tsiku limodzi, asanadutse ndi mtsinje womwe, ndipo akuti zina zinatsala zikudandaula kuti zadumphidwa.